Firiji ya m'Kalavani ya Che Amidu

Uthenga wa imfa ya Che Amidu unandipeza ndikupukuta firiji ya abwana anga ku Waterkloof, kuno ku Joni. Linali Lachiwiri m'mawa. Anandiimbira foni ndi Mariamu, mwana wamkazi wa Che Amidu, kundiuza kuti bambo atisiya kuchipatala ndipo aikidwa tsiku lomwelo ikatha swala ya masana, monga amachitira Asilamu. Ndinati zikomo pondidziwitsa. Ndinabwezera foni m'thumba la epuloni n'kupitiriza kupukuta mashelefu, kenako ndinaika mkaka ndi mabotolo m'malo mwake. Misozi sinabwere tsiku limenelo. Lero akwana masiku makumi anayi, achibale aphika mpunga wa sadaka, koma ine maso anga akadali ouma. M'kati mwangamu sindikumvamo kanthu, ndipo zimenezi zikundiopsa kuposa kulira.

Ndinakhala ndi Che Amidu pabwalo limodzi ku Mabopane zaka zisanu ndi chimodzi. Eni malowo anamanga tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo kamodzi kanali kanga. Kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda, kunali kalavani yakale, ngolo zija zokhala ndi bedi ndi kakhitchini m'kati zimene anthu a kuno amakoka pagalimoto popita kutchuthi. Iyi inali itasiya kale maulendo. Matayala anaphwa, ndipo inakhazikika pa njerwa. Mmenemo ndimo munali kwawo kwa Che Amidu. Anawapatsa ndi mzungu wina amene anamugwirira ntchito yokonza makalavani kwa nthawi yaitali, ndipo ankaisamala ngati anaimanga okha.

Kwawo kunali ku Machinga, cha ku Ntaja. Ali mnyamata ankayenda pa njinga m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi kukonza mafiriji a parafini osungiramo katemera. Atafika ku Joni anapeza kuti firiji ya m'kalavani ndi yomweyo, kungoti imayaka ndi gasi. Ankakonda kunena kuti anadutsa malire a mayiko atatu pothawa ntchito imodzi, n'kuipeza itafika kale ikuwadikirira.

Anali munthu wamfupi, wa ndevu zochepa, kofia yoyera kumutu ndi pensulo kukhutu, ngakhale sindinawaonepo akulemba kanthu. Anali ndi khalidwe lotopetsa alendo. Akalowa m'nyumba mwako, asanakhale pansi, ankayamba agwedeza tebulo kuti aone ngati lakhala bwino. Likapendekeka ankapinda kapepala n'kuika pansi pa mwendo wake, kenako n'kumakupatsa moni. Tsiku loyamba kulowa m'chipinda changa anandiuza kuti bedi langa latsikira kumutu, n'chifukwa chake ndimadzuka wokwiya. Sindinawafunse kuti anadziwa bwanji zoti ndimadzuka wokwiya. Ankanditchula Anachisale, dzina la mfunda limene kuno palibe wina amalidziwa. Ine ndinkawatchula Abambo.

Za firiji ankalankhula ngati za wachibale wovuta. Ankati yamtunduwu ilibe injini, siilira ndipo siidandaula, choncho ikadwala imadwala mwakachetechete, ngati anthu aja amene umangomva kuti apita. Ankadabwabe, pa ukalamba wawo wonsewo, kuti kalawi kochepa ngati chala kangabereke madzi oundana, ndipo ankati nzeru imeneyo sinachokere kwa munthu yekha. Ankati usanainene firiji kuti yafa uyenera kuifunsa mafunso anayi: ngati yakhala molunjika, ngati lawi lake lili bwino, ngati chitseko chikugwira, ndiponso ngati ikupuma. Anthu ambiri, iwo ankati, amafunsa limodzi n'kuthamangira kukagula yatsopano, ndipo mabanja amathanso motero.

Sikuti anali wofatsa. Ine ndinakangana nawo kangapo chifukwa choika ndiwo zotentha m'firiji mwawo. Magetsi akathima, bwalo lonse linkadalira kafiriji kameneko, ndipo iwo ankalola, koma ndi malamulo ochuluka kuposa a pachipata cha Beitbridge. Achimwene Giliyoni, a ku Dedza, olima maluwa m'mayadi a azungu, tsiku lina anabisamo soseji ya nkhumba m'pepala la buledi. Che Amidu anaizindikira ndi mphuno. Sanakalipe. Anatulutsa zonse, natsuka firiji masana onse, ndipo anakhala mwezi wathunthu akuwayankha a Giliyoni ndi mutu wokha.

Koma mkangano waukulu unali wa iwo ndi Mariamu. Iye amasoka zovala m'tauni ndipo amakhala m'fulati yosanja, pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, m'nyumba imene chikepe chake chimayenda chikafuna. Ankafuna kuti bambo ake asamukire kumeneko. Che Amidu ankakana. Ankati munthu wa miyendo ngati yawo akakwera kumeneko ndiye kuti waikidwa m'manda akadali moyo, kungoti manda ake ndi a m'mwamba. Kuno ankatha kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku mzikiti, ankakhala pampando panja n'kumalonjera anthu opita kokwerera matekisi, ndipo ankasamba madzi a swala pansi penipeni, madziwo n'kulowa m'dothi.

Mariamu sankalakwa. Bambo ake anali ndi matenda a shuga, ankadzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku, ndipo maso anali akuchita khungu. Mankhwala amenewo safuna kutentha, pomwe kalavani m'chilimwe imakhala ngati uvuni. Pangano lawo linali lakuti bola firiji ikuzizira, bambo akhala kwawo. Tonse pabwalopo tinkadziwa kuti ufulu wa Che Amidu uli m'kabokosi koyera kaja.

Chaka chatha, kutentha kutayamba mu Okutobala, firiji inayamba kufooka. Sinafe, inangoleka kuchita khama. Madzi oundana anasiya kugwira, mkaka unkasasa pa masiku awiri. Che Amidu anadziwa, koma sanauze munthu. Anatiuza kuti tichotse zathu chifukwa akufuna malo, ife n'kumawanena kuseri kuti ukalamba wawasandutsa womana. Ankaikonza okha mopapasa, ndipo ankapitiriza kudzibaya mankhwala amene kutentha kunali kutawachotsa mphamvu. Shuga anakwera. Anayamba kumwa madzi osaleka, ndipo kachilonda kamene kanali kuchala cha phazi kanakula. Mu Disembala anagwa pakhomo pa kalavani masana dzuwa lili paliwombo, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku anayi. Namwino atafunsa kumene mankhwala amasungidwa, Mariamu anabwera kudzapisa dzanja m'firiji muja, ndipo anapeza kuti mukutentha ngati m'kabati.

Anawabweretsa Loweruka masana kuti adzangolongedza katundu. Ine ndinali nditaweruka, ndikuchapa panja. Che Amidu anakhala pampando wawo, phazi lili m'bandeji, n'kukana kunyamuka.

"Ndipatse mpaka mawa," anatero.

"Eish, Baba, mwaikonza miyezi iwiri. Yafa imeneyo."

"Ndinalibe maso. Lero ndabwereka a Anachisale."

Mariamu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana zovala m'beseni. Pomaliza anati mawa ikakwana folo koloko abwera ndi galimoto. Akapeza madzi oundana, bambo atsala. Akapanda kuwapeza, palibenso zokambirana. Atatero analowa m'kalavani n'kuyamba kupinda zovala, kusonyeza kuti iye yankho akulidziwa kale.

Tinayamba ndi funso loyamba. Che Amidu anandituma kuti ndithire madzi m'sosala ndi kuiika pansi m'kati mwa firiji.

"Madzi athawira kuti?"

"Sanathawe, Abambo. Ali pakati."

"Yang'anitsitsani. Kumaso kapena kumbuyo?"

"Ali pakati ndithu."

Anapumira m'mwamba. Ndinaona kuti ankafuna kuti vuto likhale limenelo, chifukwa njerwa ikatitimira ndi mvula umangokweza ndi jeki n'kuikapo thabwa. Anandifotokozera kuti mankhwala oyenda m'mapaipi a kumbuyo amatsika okha ngati madzi a mumfuleni, ndiye firiji ikapendekeka amaima panjira.

Kenako ndinagwada panja n'kutsegula kachitseko ka m'munsi, kumbuyo kwa firiji, kuti ndione lawi.

"Ndi lamtundu wanji?"

"Lobiriwira ngati la sitovu. Kunsonga kokha kuli kachikasu."

"Kachikasu kochuluka bwanji?"

"Ngati njere ya mpunga."

Anandiuza kuti nditseke gasi ndi kudikira kuti pazizire. Anandipatsa nthenga ya nkhuku imene ankasunga m'kachitini, kuti ndisese pamene pamatulukira moto. Ndinatulutsamo tidzimbiri ndi ulusi wa kangaude. Titayatsanso, kachikasu kaja kanali katachoka, koma iwo anapukusa mutu. Anati kameneko kangachepetse mphamvu, koma sikangagonetse munthu m'chipatala.

Chachitatu chinali chitseko. Ndinapana pepala pachitseko n'kulikoka, pamwamba, pambali ndi pansi. Paliponse labala inkaligwira zolimba. M'kalavani munkamveka Mariamu akukoka zipi ya chikwama.

"Latsala limodzi," anatero Che Amidu motsitsa mawu. "Likapanda kukhala limenelo ndiye kuti mapaipi atsekeka m'kati, ndipo ine ndikukwera kumwamba kuja."

Kukhoma kwa kalavani, kunja, kuli timazenera tiwiri ta mipata, kena m'munsi kena pamwamba pafupi ndi denga. Iwo ankatitchula mphuno. Mpweya wozizira umalowera m'munsi, n'kunyamula kutentha kwa kumbuyo kwa firiji, n'kutulukira pamwamba. Ya m'munsi anali ataipapasa okha kambirimbiri. Ya pamwamba sankaifikira, ndipo ankati palibe chifukwa, poti kumeneko sikufika munthu.

"Kwerani pa kireti, Anachisale. Ikani dzanja pamphuno yapamwambayo. Mukumva mpweya wotentha ukutuluka?"

Ndinakwera. Ndinaika dzanja. Ndipo ndisanayankhe, ndinakumbukira.

Mwezi wa Juni chaka chomwecho kunazizira kwambiri, chisanu cha kuno chimene ife obadwira kotentha sitichizolowera. Che Amidu ankatsokomola. Abwana anga anali atandipatsa bulangete lakale lobiriwira, ndipo ndinawapatsa iwo kuti azifunda. Koma ndikuwayalira, ndinamva kamphepo kakulowera cha pamwamba pa firiji. Lamulungu lina, iwo atapita kukaona anzawo kumsika wa pasiteshoni, ndinadula chidutswa cha bulangetelo, ndinakwera pa kireti yomweyo, n'kuchikanikizira m'kazenera kaja mpaka mphepo inaleka. Kwathu ku Ntcheu timatero, bowo lolowetsa mphepo timalitseka ndi sanza. Sindinawauze chifukwa sankafuna kuchitiridwa zinthu. M'nyengo yozizira firiji sinasinthe, ndiye ine ndinapita kwanga ndikudziona ngati munthu wabwino, n'kuiwala.

"Anachisale?"

"Sukutuluka, Abambo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ayi."

"Chotsani chivundikirocho. Chimangokokedwa."

Ndinachichotsa, ndinapisa dzanja, n'kutulutsa chidutswa chija. Chinali chitauma gwa, chodzaza fumbi, mbali imodzi itawauka ndi kutentha. Nthawi yomweyo mpweya wotentha unandiwomba kumaso.

"Muli chiyani?"

"Chisa," ndinatero. "Chisa cha mbalame."

Sindikudziwa kumene bodzalo linachokera. Linangotuluka, ngati mmene dzanja limathawira moto.

"Ndipatseni."

Ndinatsika n'kuwapatsa. Anachitembenuza m'manja, nachisisita ndi chala chachikulu, nachinunkhiza. Anapapasa m'mphepete mmene munadutsa sizasi. Bulangete limene chinachokerako linali pabedi pawo, ndipo zala zawo zinkaligwira tsiku lililonse. Ndinaima pamenepo ndikudikira, osamva mantha kapena manyazi.

Mariamu anasuzumira pakhomo.

"Mwapeza chiyani?"

"Chisa," anatero Che Amidu. Anachipinda pawiri n'kuchikhalira. "Mbalame inkaopa chisanu cha Juni."

"Mbalame? M'menemo?"

"Za kuno zimalowa paliponse. Thira madzi m'kathireyi, uike m'mwambamo, ndipo aliyense asatsegule mpaka mawa."

Firiji yotere sichedwa kufooka koma imachedwa kuchira. Mariamu ankafuna kutsegula patangotha ola limodzi, ndipo bambo ake anamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa lake sindinapite kutchalitchi. Ndinakhala pakhomo panga ndikuyang'ana kalavani, iwo ali pampando wawo kofia ili pabondo. Folo koloko itakwana Mariamu anafika ndi galimoto ya mnzake, nalowa, natsegula. Anatuluka ndi kathireyi, nakatembenuza, koma madzi sanatayike. Anakagogoda pachitsulo cha khomo ndipo kachidutswa koyera kanagwera m'dothi.

"Alhamdulillah," anatero Che Amidu, n'kuvala kofia. "Bweza zovala zanga m'kabati."

Anakhala m'kalavani mwawo miyezi ina isanu ndi itatu. Ankalonjerabe anthu opita kumatekisi, koma ku mzikiti anasiya kupita wapansi, chifukwa chilonda cha kuphazi sichinapole. Chinkauma pamwamba n'kumadya m'kati. Anachotsedwa chala, kenako china. Mu Ogasiti analowanso m'chipatala, ndipo sanabwereko.

Palibe dokotala amene ananena kuti miyezi iwiri ija ya mankhwala ofooka ndiyo inayambitsa zonsezi. Mariamu amati shuga ndi shuga, anapha agogo ake, waphanso bambo ake. Mwina akunena zoona. Ine ndimangodziwa kuti chilondacho chinali chaching'ono mu Seputembala ndipo chinali chachikulu mu Disembala. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma changa chinandisiya ine wamoyo n'kukagwera munthu wina.

Sindinapepese. Ndinakonza mawu kangapo ndili m'tekisi pobwera kuntchito, koma ndikafika iwo ankayamba nkhani ina, mwina ya mtengo wa anyezi, mwina ya tebulo langa limene linapendekekanso. Anaikhudza nkhaniyo kamodzi kokha. Juni wa chaka chino atafika, ndikuwapatsa tiyi, anati chisanu chabweranso, ndiye ndikaiona mbalame ija ndiiuze kuti bulangete limodzi likuwakwanira. Ndinati ndikaiuza. Anaseka pang'ono n'kumwa tiyi wawo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Atalowa m'chipatala komaliza anandisiyira kiyi kuti ndiziona lawi. Ndinkaliona m'mawa ndi madzulo. Atamwalira sindinasiye. Gasi atatha ndinapita kukadzazitsa botolo, ndinalisenza pamutu kuchokera kugalaja, n'kuyatsanso monga anandiphunzitsira. Palibe anandituma, ndipo palibe anandifunsa. M'firijimo munali timabotolo titatu ta mankhwala, theka la ndimu ndi kathireyi ka madzi oundana. Masiku makumi anayi ndakhala ndikuziziritsa mankhwala a munthu amene ali m'manda.

Lero sadaka itatha, Mariamu anandikokera pambali. Anati kalavani apatsa munthu wina wa ku Soshanguve amene akufuna kugulitsiramo zakudya, ndipo abwera kudzaikoka Lachinayi.

"Aunt, mukazimitse firiji ija. Ine ndimaopa zagasi."

Ndinapita ndekha dzuwa likupendeka. Mpando wawo uli panja pomwe unkakhala, ndipo miyendo yake inakumba timaenje tinayi m'dothi. Pambali pa khomo pali ketulo ya pulasitiki imene ankasambira ya swala, ndi malo amene dothi linada ndi madzi a tsiku ndi tsiku, koma tsopano lauma n'kung'ambika. M'kati, bedi ndi loyalidwa ndi bulangete lobiriwira lija, lopereweza ngodya imodzi. Mkeka wopempherera ndi wopindidwa pamwamba pa kabati. Pensulo ili m'kachitini limodzi ndi nthenga ya nkhuku. Sosala ija ili pamwamba pa firiji, madzi anaumamo kalekale n'kusiya mzere woyera wozungulira, wolunjika bwinobwino.

Ndinatulutsa mankhwala ndi ndimu, ndinataya madzi oundana pakhomo, kenako ndinazungulira kuseri n'kutseka gasi. Lawi linachepa n'kuzima popanda phokoso. Ndinakumbukira kuti ankati firiji yozimitsa siitsekedwa, imachita nkhungu, uyenera kuisiyira kampata. Ndinafunafuna choti ndipanire chitseko. Pampando paja, pansi pa katsamiro, ndinapeza chidutswa chija, chochapidwa bwino ndi chopindidwa kanayi. Ndinachiika pakati pa chitseko ndi firiji, ndinakhoma kalavani, n'kukapereka kiyi.